Makina Omanga Gemu Usiku

Ntchito yanga sioneka pa sikirini ya wosewera. Anzanga ena amajambula zilombo ndi nkhalango, ena amalemba kodi yoti munthu adumphe batani likadinidwa, wina amapeka nyimbo. Ine ndimasonkhanitsa zonsezi kuti patuluke fayilo imodzi yoti munthu aike pa foni n'kuyamba kusewera. Timati kumanga gemu, ndipo pagulu pathu sindilola kuti kuchitikire pa laputopu ya munthu aliyense. Kumachitikira mu VM, kompyuta yopangidwa ndi pulogalamu m'kati mwa kompyuta ina.

Laputopu ya munthu imasunga zambiri zimene mwini wake anaiwala kuti anaikamo. Gemu ikamangidwira pamenepo, imayamba kudalira tizinthu timene tili pa makina amenewo okha, ndipo tsiku limene mwini wake wapita kumaliro gulu lonse limangoti kakasi. Apo ayi mumamva zoti "komatu kwa ine ikuyenda bwinobwino." Akhoza kukhala akunena zoona, koma wogula sadzabwera kudzasewerera pa laputopu yakeyo.

Ndimayambira pa kompyuta yeniyeni. Mu BIOS ndimatsegula VT-x ngati purosesa ndi ya Intel, kapena AMD-V ngati ndi ya AMD, apo ayi VM sidzuka n'komwe. Ndikatero ndimaikapo Proxmox, pulogalamu yoyendetsa ma VM, ndipo m'kati mwake ndimapanga VM ya Ubuntu yopanda mawindo, ya malemba okhaokha. Memori ndimaipatsa 16 GB, koma chimene sindinyengerera ndi disiki. Kumanga gemu n'kuwerenga ndi kulemba timafayilo tambirimbiri, choncho SSD imafulumizitsa ntchito kuposa purosesa yodula.

Ife timagwiritsa ntchito Godot, injini imene Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina anaitsegulira aliyense mu 2014. Ndimaikonda pa chifukwa chimene ojambula sachiona: siipempha laisensi. Ndi Unity, makina atsopano alionse amafuna kuti muwalembetse kaye asanagwire ntchito, pamene Godot mumangoilamula kuti `--headless --export-release`, n'kumanga gemu popanda kutsegula windo. Ili ndi khalidwe lake ndithu. Ma export template, mafayilo amene imagwiritsa ntchito pomanga gemu, ayenera kufanana ndendende ndi injini, a 4.2.1 sagwira pa 4.2.2. N'chifukwa chake nambalayi ndimailemba mu fayilo imene imakhala pamodzi ndi kodi, kuti wosintha injini asinthenso pamenepo, aliyense akuona.

Woyang'anira usiku ndi pulogalamu ya Jenkins. Munthu akatumiza zosintha ku Git, kumene timasunga kodi, iyo imazikoka, kumanga, n'kuuza gulu ngati zatheka kapena zakanika. Apa pali msampha umene umakola ambiri. Zithunzi ndi nyimbo zikuluzikulu timazisunga ndi Git LFS, ndipo mukaiwala kuiika mu VM, m'malo mwa nyimbo mumalandira kafayilo ka mizere itatu kongoloza kumene nyimboyo ili. Dzina lake ndi lomwelo, foda yake ndi yomweyo, koma m'kati mulibe kanthu.

Lamulo limene ndimalimbana nalo ndi anzanga ndi ili: mu VM simulowa dzanja la munthu. Chilichonse choikamo, kaya ndi Java 17 yomangira za Android kaya kapulogalamu kakang'ono bwanji, chilembedwe mu sikiripiti. Wina akalowamo n'kukonza chinthu mwachangu chifukwa nthawi yatha, ndimamuthokoza, ndimalemba zimene wachitazo mu sikiripiti, kenako ndimafufuta VM yonse n'kuidzutsanso kuchokera pa zolembedwazo. Ena amati ndimakokomeza. Koma makina amene ndikuopa kuwafufuta asanduka laputopu ina ija, kungoti tsopano ilibe mwini woti n'kumufunsa.

Masana ndimalola kuti foda ya `.godot`, momwe injini imasunga zithunzi zimene yakonza kale, ikhalebe, chifukwa palibe amene akufuna kudikira nthawi yaitali atangosintha mzere umodzi. Komabe kutero kuli ngati kuphika m'poto wosatsuka: mumafulumira, koma ndiwo za dzulo zimamvekamo. Ndiye usiku uliwonse Jenkins imataya zonse n'kumanga kuyambira pachiyambi, ndipo chotuluka pamenepo n'chokhacho chimene chimapita kwa anthu.

Kiyi yosainira gemu ya Android siilowa mu Git ngakhale pang'ono. Imakhala m'malo obisika a Jenkins, kope lake ndimalisunga kutali ndi ofesi. Za iPhone VM yangayi sizikuikhudza, poti zimafuna Xcode, ndipo laisensi ya macOS imalola kuiyendetsa pa makina a Apple okha. Pambali pamakhala ka Mac mini kodikira ntchito imeneyo basi.

Magetsi akathima, UPS imauza Proxmox kuti izimitse zonse mwaulemu batire isanathe. Fayilo yomangidwa imalembedwa kaye ndi dzina longoyembekezera, n'kulandira dzina lenileni ikatha yonse, kuti yoduka pakati isapite kwa oyesa. Potumiza ku itch.io timagwiritsa ntchito pulogalamu ya butler, yomwe imangokweza zimene zasintha, ndipo amene amagula yekha bandulo ya intaneti akudziwa kufunika kwake.

VM ilibe khadi la zithunzi, choncho siiona chilichonse. Chimene ingathe ndi kudzutsa gemu, kuisiya iyende pang'ono, n'kuona ngati yatseka popanda kudandaula. Zoti mthunzi wa mtengo ukuthwanimathwanima, kapena batani lodumphira lili patali ndi chala chachikulu, zimadziwika m'mawa, oyesa akaiika pa mafoni otchipa amene tinawagulira dala, a memori ya 2 GB, ofanana ndi amene osewera athu ambiri ali nawo m'thumba.