Khoma lisanabooledwe

Ntchito imene ndinaphunzira ndi yamagetsi, koma masiku ano foni ikalira, kawirikawiri amakhala munthu amene wagula pulazima ndipo akufuna ndikamupachikire pakhoma. Ndimayenda mu Lilongwe monse, m'nyumba za mipanda ku Area 47, m'nyumba za lendi ku Kawale, ku Mchesi ndi kwa Chinsapo. Pomafika ine, nkhani imakhala itagamulidwa kale. Bulaketi agula, malo aloza, ndipo mawu amakhala amodzimodzi: "Amisiri, mungoboola apa, mpira uyamba madzulo ano." Ine ndimapempha kuti andilole ndiyambe ndaona khomalo, chifukwa amene ali ndi mawu omaliza pa nkhani yopachika TV si mwini TV, si inenso ayi. Ndi chimene chili kuseri kwa penti.

Zifukwa zofunira kupachika ndimazimva, ndipo zambiri ndimagwirizana nazo. Chachikulu ndi ana. Ma TV akale aja a chimsana ankakhazikika okha chifukwa cholemera, koma amakonowa ndi opyapyala, aatali, oimira timiyendo tiwiri. Mwana wokwawa akagwira nthambo ya dikoda n'kukoka, kapena woyamba kumene kuyenda akadzikweza pogwira m'mphepete mwa sitandi, chinthu chonsecho chimabwera kumaso kwake. Galasi likasweka, mtengo wolisinthira umayandikira wa TV yatsopano, ndipo imeneyo ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi mutu wa mwana. Palinso malo. Pabalaza pathu pambiri m'pang'ono, ndiye kuchotsa sitandi kumapereka pokhala alendo awiri. Akuba nawo amafuna chinthu chongonyamula n'kuthawa, pomwe TV yomangidwa pabulaketi imafuna sikuludiraiva ndi nthawi. Mabulaketi ena amakhala ndi kabowo kolowetsapo loko.

Kulemera kwa TV pakokha sikundidetsa nkhawa. Ya mainchi 43 kawirikawiri siifika makilogalamu 10, ndipo ya mainchi 55 imakhala cha m'ma 15. Chimene chimazula mabawuti ndi mphamvu yokokera kunja. Bulaketi yogona pakhoma, kapena yongoweramitsa TV pang'ono, imapachika kulemera konse pafupi ndi khoma. Koma anthu amakonda ya mkono ija, yotha kuitulutsa n'kuitembenuzira kodyera. Nyamulani chidebe cha madzi mkono uli m'mbali mwa thupi, kenaka muutambasule chidebe chili m'manja, mumva chimene mabawuti amamva. Mkono wa bulaketi ukatuluka masentimita 40, ndipo mabawuti a pamwamba ndi a pansi atatalikirana masentimita 20, TV ya makilogalamu 15 imakoka a pamwambawo ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 30. Apo sitinawerengere chitsulo cha mkonowo, kapena dzanja la munthu amene amaukoka tsiku ndi tsiku. Khoma limene lingasunge bulaketi yogona kwa zaka zambiri likhoza kulephera ya mkono mvula imodzi isanathe.

Ndiye ndimayamba ndi kugogoda. Ndimamenya khoma ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, khutu lili pafupi. Pamene pulasitala wagwira bwino pamamveka mawu olimba, aafupi. Pamene wafufuma n'kusiyana ndi njerwa pamamveka phwaphwa, ndipo pamenepo sindiboolapo. Ndikapeza pabwino ndimatenga kabiti kakang'ono, ka mamilimita 5 kapena 6, n'kuboola pang'onopang'ono pamalo amene bulaketi idzabise, dzanja lamanzere litatchera m'munsi kuti fumbi ligweremo. Loyamba kutuluka limakhala lotuwa, la simenti ndi mchenga wa pulasitala. Chimene ndimadikira ndi chotsatira. Likatuluka lofiira, losalala, drili ikulimbana nalo, mtima umakhala pansi, imeneyo ndi njerwa yopsa bwino. Likatuluka lofiirira ngati la pabwalo, biti ikungolowa yosakankha, ndagwera m'dothi la pakati pa njerwa kapena m'chidina. Likapitirira lotuwa kenaka drili n'kugwera mkati mwadzidzidzi, ndi buloko ya mphako. Fumbi la m'dzanjalo ndimawaonetsa eni ake, alifikise ndi zala zawo, kuti zimene ndinene pambuyo pake asazitenge ngati zofuna kukweza mtengo.

Nyumba zambiri za m'makwalala mwathu ndi za njerwa zootcha koma zomangira dothi, simenti inangopita ku pulasitala. Zimenezo si vuto, bola bawuti iliyonse ilowe pakati pa njerwa, osati pamzere wa dothi. Mabulaketi amakhala ndi mabowo ambiri ndi mipata yaitali kuti munthu athe kusuntha pang'ono mpaka onse anayi apeze njerwa. Komanso si njerwa yootcha iliyonse imene inapsa. Za m'mphepete mwa uvuni moto suzifika bwino, zimakhala zofewa, ndipo womanga amene akuwerengera ndalama sazitaya. Pa njerwa zotero rawl bolt, imene anthu amaikhulupirira kwambiri chifukwa ndi yachitsulo, ndi imene imawononga. Ukamaimanga imafutukuka mkati, njerwa yofewa n'kung'ambika osaoneka, pulasitala atabisa. Ine pamenepo ndimasankha pulagi yapulasitiki yabwino ya mamilimita 10 ndi sikuluu yaitali, yodutsa pulasitala n'kulowa ndithu m'njerwa. Ndisanalowetse pulagi ndimapemerera fumbi lonse kutuluka m'bowo, chifukwa pulagi yogona pafumbi imaterereka. Makoma a mkati ambiri ndi a njerwa imodzi chogona m'litali, masentimita 11 okha kuphatikizapo pulasitala pang'ono mbali zonse, choncho ndimakulunga tepi pabiti posonyeza polekezera, kuopa kukagumula pulasitala wa kuchipinda.

Mabuloko a simenti achuluka tsopano, makamaka chichokereni 2018 pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Buloko ndi yolimba, koma mkati mwake muli mphako, ndipo khungu lake ndi la masentimita awiri kapena atatu. Pulagi wamba imangogwira pakhungupo, mbali yotsalayo ili lende m'mphako. Poboola buloko ndimazimitsa hamala ya drili, chifukwa kumenya kuja kumagumula khungu chamkati, bowo n'kukhala lalikulu kuposa mmene likuonekera. Ndimafunafuna msana wa pakati pa buloko, pamene pali podzaza, kapena ndimagwiritsa ntchito mabawuti otambasuka kuseri kwa khungu. TV ikakhala yaikulu ndipo mwini wake sakusunthika pa bulaketi ya mkono, njira imene ndimaikhulupirira ndi yoboola mpaka kuseri, kudutsitsa chitsulo cha mazinga, n'kumanga nati pa kachitsulo kaphanthi mbali inayo. Kuchipinda kumaoneka manati, inde, koma khoma lonse limakhala likusenza nawo.

Pa zidina ndiye pamene ndimakangana ndi anthu. Khoma la zidina lopakidwa pulasitala wabwino ndi penti limaoneka chimodzimodzi ndi lina lililonse, ndipo wobwereka nyumba nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti anamangira chiyani. Dothi louma limagwira sikuluu tsiku loyamba. Koma ikafika mvula ya Januwale, khoma la mbali yowomba mvula limamwa chinyezi, dothi la mozungulira pulagi n'kufewa, bulaketi n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Bambo wina, nditamuonetsa fumbi, anandiyankha kuti, "Achimwene, anzanu apachika kwa aneba dzana lomweli, simukuona ilipo?" Ndinamuuza kuti, "Bambo, ilipo chifukwa kuno ndi chilimwe. Ine ndalama yanu ndikuifuna, koma pansi pa khoma ili m'pamene ana anu amayala mkeka." Tinagwirizana kuti wowotcherera zitsulo apange sitandi yaitali ya mapazi otambalala, TV n'kumangidwa pa sitandiyo ndi bulaketi yomwe anagula ija, kulemera konse n'kupita pansi pa simenti. Imaoneka ngati yapakhoma ndithu. Chinyezi ndimachiyang'ananso pa makoma a njerwa zootcha: penti wotukusira, ufa woyera wonga mchere, mzere wa madzi wotsika kuchokera ku siling'i pamene lata likudontha. Kumbuyo kwa TV kuli timabowo topumira, ndipo dontho lolowera pamenepo limagwera pa bolodi.

Achinyamata ena amandiuza kuti anaonera pa YouTube mmene amapachikira. Ambiri mwa mavidiyo amenewo ndi a ku America, kumene makoma a mkati ndi mabolodi okhomedwa pa matabwa otalikirana mainchi 16, ndipo luso lonse ndi kupeza thabwa. Kuno kulibe thabwa lofunafuna m'khoma. Chimene chilimo ndi mapaipi a mawaya, amene ife amagetsi timawakwirira m'pulasitala, kawirikawiri molunjika kuchoka pa soketi kapena pa switchi kukwera kudenga. Munthu amafuna TV ikhale pamwamba penipeni pa soketi kuti nthambo isaoneke, ndiye kuti akuloza drili pa mzere wa waya wa mavoti 230. Ine ndimasuntha mabowo kuti alambalale mzerewo, ndipo ngati kuseri kwa khoma kuli bafa ndimayamba ndaona kumene mapaipi a madzi adutsa.

Khoma likavomera, pamatsala nkhani ya msinkhu, ndipo pamenepa pafupifupi aliyense amafuna m'mwamba kwambiri. Tinazolowera kuona TV kumalo oonetsera mpira ndi m'mabala, kumene amaikweza kuti wakumbuyo aone kudutsa mitu ya anzake. Pabalaza palibe khamu lotero. Munthu wokhala pasofa maso ake amakhala pafupifupi mita imodzi kapena kupitirira pang'ono kuchoka pansi, ndipo pakati pa galasi payenera kukhala chapomwepo. Ukaikweza kufika pamutu pa chitseko, filimu imodzi yokha khosi limayamba kuwawa, ndipo ma TV ambiri otsika mtengo chithunzi chimada ukamachionera cham'munsi. Sinditsutsana nawo pakamwa. Ndimatenga katoni imene TV inabweramo, mnyamata wondithandiza n'kuigwira pakhoma pamene akufunapo, n'kupempha mayi ndi bambo a pakhomo kuti akhale pamipando yawo ya masiku onse aiyang'ane kwa kanthawi. Kenaka timaitsitsa pang'onopang'ono. Nthawi zambiri amayi ndi amene amati, "Basi, pomwepo," katoni itatsika ndi chikhatho chathunthu kapena ziwiri. Pakakhala ana aang'ono timakweza pang'ono kuti manja asafikire, n'kugwiritsa ntchito bulaketi yoweramitsa. Katoni yomweyo imatithandizanso kuona ngati khomalo layang'anizana ndi zenera, chifukwa TV yapakhoma sungaisunthe masana dzuwa likamawalira pagalasi.

Kumbuyo kwa TV kumafunanso kuyang'ana bulaketi isanagulidwe. Kuli mabowo anayi otalikirana motsata muyezo wotchedwa VESA, monga mamilimita 200 kwa 200 kapena 400 kwa 400, ndipo bulaketi iyenera kufikira mabowowo. Masikuluu ake amakhala a M6 kapena M8, ang'onoang'ono M4, ndipo kutalika kwake n'kofunika kwambiri: yaitali mopitirira imakaboola za mkati. Ma TV ena polowetsa HDMI ndi flash pamayang'ana kukhoma, kotero bulaketi yogona kwambiri imatseka zonse. Ndiye pali dikoda ya DStv, GOtv kapena Kiliye Kiliye, pali TV guard yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu atazima. Zonsezi zimafuna pokhala. TV yokongola pakhoma, dikoda ikulendewera pa nthambo yake m'munsi, ndiye kuti mwana tamubwezera chokoka chimene timathawa chija. Kashelefu kakang'ono ndi tiranki yobisa mawaya ndimaziwerengera pamtengo kuyambira pachiyambi.

Kwa amene ali pa lendi ndimafunsa funso limodzi ndisanatulutse drili: "Eni nyumba mwawauza?" Mabowo anayi a mamilimita 10 satenga simenti yambiri kutseka, koma penti yake siifanana ndi yakale, ndipo mikangano ya tsiku losamuka imayambira pa zinthu zazing'ono zotere. Eni nyumba ena amavomera bola bulaketi idzatsale. Ena amakana, ndipo ali ndi ufulu wokana. Munthu amene akudziwa kuti chaka chisanathe asamuka ndimamulangiza kuti asaboole n'komwe. Sitandi yotambalala, TV itakankhidwira kumbuyo n'kumangidwa ndi lamba kuchokera pa mabowo a VESA kupita ku sitandiyo, imateteza mwana pa mtengo wochepa.

Zonse zikalongosoka, kupachika kwenikweniko sikutenga ola. Ndimaika levulo pa bulaketi, n'kumanga mabawuti mosinthanasinthana, osamaliza imodzi ina isanagwire. Ndisanabweretse TV ndimagwira bulaketiyo ndi manja awiri n'kuikokera pansi ndi kunja mwamphamvu, eni ake akuona. Ikangogwedera, kapena fumbi likathothoka pa bowo limodzi, ndimamasula n'kusamukira pa njerwa ina. TV timainyamula awiri, kugwira m'mphepete osakanikiza galasi, mpaka ngowe zake zitakhala, kenaka ndimamanga timasikuluu ta pansi toletsa kuti isanyamuke ikagundidwa. Miyendo imene tachotsa ndimaiika m'jumbo pamodzi ndi masikuluu ake n'kupereka kwa mayi a pakhomo kuti asunge, chifukwa khoma la kunyumba imene adzasamukire likhoza kudzakhala la zidina, ndipo miyendo ya TV kuipeza payokha m'sitolo n'kovuta.