Mopu ya nthunzi siyenera mwala uliwonse

Ntchito yanga ndi yopala ndi kuwalitsa miyala yoyala pansi m'nyumba. Ndinaiphunzirira kuno ku Johannesburg m'manja mwa mmisiri wina wachikulire wa ku Mozambique, ndipo lero ndimayenda ndi makina anga m'nyumba za ku Sandton, Bryanston ndi Fourways. Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, pamene aliyense anayamba kuopa majeremusi, funso limene eni nyumba sasiya kundifunsa ndi la mopu ya nthunzi. Yankho langa limawawawa, chifukwa ambiri amafunsa atagula kale.

Kwa amene simunaione, iyi ndi mopu yamagetsi yokhala ndi kathanki ka madzi. Imawiritsa madziwo mpaka madigiri 100, nthunzi n'kumatulukira pansi kudzera m'kansalu kokolopera. Sifuna sopo, sifuna ndowa, ndipo pokolopapo sipachedwa kuuma. Pa matailosi a porcelain, amene anawotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,200 mpaka kutsekeka ndithu, ndi chida chabwino ndipo sindichinyoza. Koma mwala wokumbidwa m'phiri ndi nkhani ina.

Mwala umamwa madzi. Ngakhale wowala chotani, uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso, n'chifukwa chake tikatha kuupala timaupaka sealer. Sealer alipo wa mitundu iwiri: wina amalowa m'timabowo n'kukhala momwemo, wina amakhala pamwamba monga amachitira polishi. Wapamwambayu nthunzi imamufewetsa, amachita mbuu, kenako amayamba kumatuka. Wolowa m'katiyu ndi wolimbirapo, koma naye akamawotchedwa sabata ndi sabata amatha nthawi yake isanakwane. Akangotha, nthunzi yomweyo imakankhira chinyezi ndi litsiro m'kati mwa mwala, malo amene chikolopo sichingafikeko.

Mwala umene ndimaumvera chisoni kwambiri ndi travertine. Wambiri umene uli m'nyumba za kuno umachokera ku Turkey, ndipo ndi mtundu womwewo umene anamangira Colosseum ku Rome. Pa kulimba sitingautsutse. Koma unapangika pa akasupe a madzi okhala ndi laimu, motero uli ndi mabowo mwachibadwa, ena otha kulowa nsonga ya chala. Kufakitale mabowowo amawatseka ndi phala la simenti kapena la resin, n'kusalaza. Phalalo ndi mwalawo sizifufuma mofanana zikatenthedwa. Lero zatentha, zazizira, mawa chimodzimodzi, tsiku lina kaphala kaja kamagwedera n'kuchoka.

Ndikalowa m'nyumba yotere sindifunsa zambiri. Ndimatseka makatani, kugwada, n'kugoneka tochi pansi kuti kuwala kuyende chopingasa. Pamenepo zonse zimaonekera poyera: timaenje takuda titandanda kuchokera kukhitchini kukafika pakhomo, m'mphepete mwake muli mokumbika, pamene kuseri kwa sofa, kumene mopu sifika, mwala uli see ngati wauyala dzulo. Mwini nyumba akagwada nane n'kuona yekha, mkangano umathera pompo.

Marble ali ndi matenda akeake. Woyera uja wa ku Carrara, ku Italy, nthawi zina amakhala ndi timbewu tachitsulo m'kati. Chinyezi chikatifikira timachita dzimbiri, ndipo mwala woyera umayamba kuoneka wachikasu, chikasu chochokera m'kati. Zokandika ndimazipala n'kutha. Chikasu ichi ayi. Ndimapakapo phala la mankhwala lokoka dzimbiri, ndiphimbe ndi pulasitiki, ndidikire, ndipo nthawi zina chimangochepa osatheratu. Mwini nyumba ndimamuuziratu zimenezi ndisanalandire ndalama yake. Palinso ufa woyera umene umatuluka m'mizere ya pakati pa miyala. Anthu amayesa ndi sopo wotsalira, n'kuwonjezera kukolopa. Ndi mchere wa mu simenti ya pansi, umene chinyezi chasungunula n'kukwera nawo pamwamba. Kuwonjezera nthunzi ndiko kuuitana.

Sileti, monga wa ku Mazista kufupi ndi Swartruggens, anapangika mosanjikizana. Chinyezi chotentha chikalowa pakati pa misanjikoyo, pamwamba pamayamba kusendeka ngati khungwa la bulugama. Mwala wa sandstone ndiye womwa madzi kuposa yonseyi, ndipo sindiulola kuyandikana ndi nthunzi n'komwe.

Umene ndimauvomereza ndi granite, makamaka wakuda wa ku Rustenburg, womwe uja amasemera ziliza. Ndi wothinana, sumwa madzi kwenikweni, ndipo moto wa mopu suuopsa. Komabe ndimati mwa apo ndi apo, nthunzi ikhale yochepetsetsa, ndipo mopu isaime malo amodzi. Wina akaimika mopu ili yoyaka n'kupita kukayankha foni, ngakhale mwala utapirira, grout, phala lotseka mizere ya pakati pa miyala, silipirira.

Ena amandionetsa katoni ya mopuyo, pamene alemba kuti ndi yoyenera pansi polimba popakidwa sealer. Sananame. Koma ndani m'nyumbamo akudziwa ngati sealer akadalipo? Nyumba zambiri anazigula kwa ena, ndipo chiyalireni mwalawo palibe anaupakanso. Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani madzi pang'ono pamene anthu amapondaponda, mudikire mphindi 10 kapena 15, mupukute. Pakatsala banga lakuda, mwalawo wamwa, ndiye kuti uli pamtetete wopanda chotchinga.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti anthu amalimbana ndi majeremusi pamene mdani weniweni wa mwala amalowa ndi nsapato. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, marble ali pa 3, mchenga uli pa 7. Mphepo ya mu Ogasiti ikamaulutsa fumbi la Joni, kamchenga kalikonse kopondedwa kamakanda pansi. Mopu ya nthunzi siyola mchenga, imangoukhwekhwereza. Mdani wachiwiri ndi zowawasa. Marble, travertine ndi limestone ndi mbumba imodzi ndi laimu, ndipo viniga, mandimu kapena mankhwala otsukira m'chimbudzi amazidya nthawi yomweyo n'kusiya chipsera chotuwa. Malangizo a pa intaneti oti muthire viniga m'kathanki ka mopu andipatsa ganyu wambiri, ndisaname.

Kasamalidwe koyenera n'kotopetsa kukamba chifukwa n'kakale. Choponderapo pakhomo. Kusesa ndi tsache lofewa tsiku lililonse. Madzi ofunda ndi sopo wa miyala wolembedwa pH 7, chikolopo chofinyidwa bwino, madzi osinthidwa akada, kenako kupukuta ndi nsalu youma. Zikawonongeka ndiye mumaitana ife, ndipo ntchito yathu si ya tsiku limodzi: mipando yonse panja, timaenje titsekedwe kamodzikamodzi, makina ayende ndi madzi kuyambira pa diamondi wokhakhala wa nambala 50 kapena 100, kukwera pang'onopang'ono mpaka 3000, osadumpha ndi imodzi yomwe, chifukwa mzere umene wasiyidwa ndi nambala yotsika sufufutika ndi yapamwamba. Mtengo wake umagula mamopu ambirimbiri.

Mawu anga omaliza apite kwa inu achemwali ndi achimwene ochokera kumudzi amene mukugwira ntchito m'nyumba zimenezi, poti mopuyo imakhala m'manja mwanu. Nthunzi siwononga tsiku loyamba. Pamapita miyezi, ndipo mabanga akayamba kuoneka palibe amakumbukira amene anagula chidacho. Amakumbukira amene amakolopa. Ndamvapo madamu akunena pamaso panga kuti mtsikana wawo wawonongetsa mwala, ine n'kuwayankha kuti mtsikanayo anachita zimene anauzidwa. Akakupatsani mopu ya nthunzi, funsani mwaulemu kuti pansipo ndi mwala wanji. Akati marble, travertine, limestone, sandstone kapena sileti, auzeni kuti mmisiri wa miyala analetsa. Akaumirira, apempheni akulembereni pa WhatsApp, ndipo uthengawo musaufufute.