Kalata kwa Asiyatu, amene akukayamba geni ku Lilongwe

Maganga, Salima

Mwana wanga Asiyatu,

Kalatayi uyiike pansi pa chikwama, ukaiwerenge modekha ukakafika. Pa siteji padzakhala anthu ambiri odzatsanzikana nawe, ndipo za ndalama sakambira pagulu. Za ulemu, za swala ndi za anzako oyenda nawo anakuuza kale bambo ako. Ine ndatsala ndi nkhani ya msonkho, chifukwa pa usipa umene ukukagulitsa ku Area 25, ndi pa kagolosale ukukalakalaka kaja, boma lili ndi gawo lake.

Chinthu choyamba kugula ndi kope lachikuto cholimba. Ndakhala pa geni ya nsomba kuyambira usanabadwe, ndipo amayi ambiri amene ndawaona akugwa sanagwe chifukwa chosowa makasitomala. Ankaona ndalama zadzaza m'kachikwama ka m'chiuno n'kumati zonsezo ndi zawo. Tiyerekeze kuti wagula usipa pa Nguwo wa K200,000. Woyanika pa thandala wamupatsa K10,000. Matola kufika pa Kamuzu Road, minibasi ya ku Lilongwe ndi anyamata otsitsa katundu zakudyera K30,000. Ukagulitsa wonse n'kupeza K280,000, yako ndi K40,000 yokha. Inayo ndi mpamba ndi zolipira panjira. Zonsezi uzilemba tsiku lomwelo usanagone, ngakhale usipa umene waphwanyika n'kusanduka ufa, ngakhale chigoba chimene wakongoza mnansi. Munthu wa msonkho samva zoti "ndikukumbukira". Amafuna kuona cholembedwa, ndipo wopanda kope amangomuyerekezera kuti anapeza zakutizakuti, iye n'kusowa poyankhira.

Usasokoneze maofesi. Tikiti imene uzidula m'mawa uliwonse pamsika ndi ya khonsolo ya mzinda, chimodzimodzi laisensi ya golosale imene amalipira chaka ndi chaka. Msonkho weniweni amatolera a MRA, bungwe limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000, ndipo likulu lake ndi Msonkho House ku Blantyre. Kudula tikiti ya msika sikutanthauza kuti wathana ndi MRA. Matikitiwo uziwamata kumapeto kwa kope, poti nawonso ndi ndalama yotuluka m'geni.

Ukangokhazikika, tenga chiphaso chako cha unzika upite wekha ku ofesi ya MRA ukalembetse nambala ya TPIN. Nambalayi ndi yaulere. Madobadoba oima panja n'kumati akuthandiza mwachangu uwalonjere bwino, koma uwapitirire. Ukalowa, fotokoza kukula kwa geni yako mosabisa ndi mosawonjezera. A bizinesi zikuluzikulu amakhoma msonkho pa phindu akachotsa zonse zimene anawononga. Kwa ife ang'onoang'ono, mu 2021 boma linakhazikitsa msonkho wopepukirapo umene amayang'ana zonse zimene wagulitsa pachaka n'kukuika m'gulu lako, ndipo ochepetsetsa salipira kanthu. Nanga ukadziwa bwanji gulu lako ngati sunalembe?

Pali china chimene chimaliza anthu misozi chifukwa chosadziwa. Tsiku lina sukulu yogonera konko kapena hotela idzakupatsa oda ya utaka kapena chambo. Polipira adzadulako pang'ono, nthawi zambiri K3 pa K100 iliyonse, n'kutumiza ku MRA m'dzina lako. Usakalimbane ndi wowerengera ndalama, sanakubere. Chimene uyenera kuumirira ndi satifiketi yosonyeza kuti adula, chifukwa ndalamayo ndi msonkho wako umene walipiriratu, ndipo powerengera za chaka amaichotsera. Wopanda TPIN maoda oterowo amangowamvera kwa anzake.

Tsono za VAT. Msonkho umenewu unalowa m'malo mwa surtax mu 2005, ndipo kwa zaka zambiri unali K16.50 pa K100 iliyonse. Amaulipira ndi wogula, wogulitsa amangolisungira boma. Nsomba zathuzi, monga chimanga, zilibe VAT. Koma shuga ndi zakumwa zimene uzikaoda ku holoselo, msonkhowo uli kale mumtengo, ndiye uziwerengera pamenepo poika mtengo wako, ndipo lisiti la makina usalisiye pa kauntala. Ololedwa kutolera VAT ndi okhawo amene analembetsa malonda awo atafika pa mlingo umene boma linaika. Iwe usanafike pamenepo, kulemba VAT pa lisiti lako ndi mlandu. Mulungu akadzakukweza n'kulembetsa, ndalama imeneyo uzidzaiona ngati ya chipereganyu imene anzako akusungitsa: ili m'manja mwako, koma sungaguleko ndiwo.

Ukadzalemba ntchito mtsikana wokuthandiza, dziwa kuti malipiro akapyola mlingo wina olemba ntchito ndiye amadula PAYE n'kukapereka. Milingo yonseyi imasinthasintha, ndiye tsiku limene nduna ya zachuma ikuwerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, tsegula wailesi ngakhale uli pa benchi.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno mawu oti msonkho amabwera ndi mantha. Chiyambire pamene Harry Johnston anaika msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, makolo athu ankauona ngati chilango, ndipo agogo ako aamuna ankasimba za amuna ogona m'tchire kapena kukankha bwato usiku pothawa amesenjala. Mantha amenewo usawatengere ku tauni. Inenso mtima umandiwawa ndikapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, kapena ndikaona msewu wakumbika pamene timalipira pa paketi iliyonse ya shuga. Koma kuzemba sikubweretsa mankhwalawo, kumangokuitanira chindapusa ndi kutsekeredwa shopu. Amene ali ndi lisiti m'manja amafunsa khansala ndi phungu wake mosachita chibwibwi. Ndipo wina akadzati umupatse "ya fanta" kuti akukhululukire msonkho, ukane. Ndalama yopanda lisiti sinafike ku boma, ngongole yako ikadalipo, ndipo mawa adzabweranso.

Kumbukiranso nyanja yathu. Mwera ukayamba cha mu Meyi mpaka Ogasiti, alovi amatha masiku osalowa m'madzi, usipa umasowa ndipo mtengo umakwera. Tsiku lolipira msonkho silidikira kuti mphepo ileke. Miyezi imene nsomba zachuluka uzipatula kangachepe sabata iliyonse, ukasunge kubanki kapena pa nambala ina ya foni, kutali ndi ya chakudya. Ya zakaati nayo ikhale payokha, chifukwa china sichilowa m'malo mwa chinzake. Achibale adzakuimbira, enanso ochokera konkuno, kuti uwathandize. Uwathandize kuchokera pa phindu, mpamba usaukhudze, ngakhale wopemphayo atakhala ine.

Matumba awiri oyamba ndidzakutumizira Lachisanu likubwerali. Ukakatenga TPIN undiimbire tsiku lomwelo, ndipo pobwera pa Idi usaiwale kopelo, tidzaliwerengere limodzi. Azakhali ako ukawapatse moni, uziwamvera.

Ndine mayi ako.