Mboni ya wogwirira ntchito pakhomo ndi pepala

Kuti, Salima

Wokondedwa mphwanga,

Ndamva kuti abwana ako a ku Lilongwe akulola kubwerera kuno kumudzi kuti uzigwira ntchito pa laputopu. Ndakondwa, koma usanamange katundu, imva ichi: lamulo la ntchito lidzakutsata mpaka pakhonde, zimene zitsale ku Lilongwe ndi mboni. Ku ofesi mlonda wa pageti amadziwa nthawi imene walowa ndi imene waweruka. Kuno adzakuona ndani? Mbidzi za m'nkhalango ya Kuti sizingakuikire umboni.

Lamulo la ntchito la 2000 limati wolemba ntchito apereke mfundo za mgwirizano zolembedwa, ndipo maola asapitirire 48 pa sabata. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa kamodzi ndi theka, ya tsiku lopuma kawiri. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 15 pa chaka, ndipo ku penshoni bwana amaponyako 10 peresenti, iwe 5. Zonsezi n'zako ngakhale ukhale pansi pa mtengo wa mango. Koma ntchito yobwera pa WhatsApp 9 koloko usiku idzawerengedwa bwanji ngati palibe analemba? N'chifukwa chake upemphe kalata yonena maola ako, wogula bandulo, chochita magetsi a ESCOM akazima, ndi wolipira laputopu ikabedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno; lonjezo la pafoni ndi wa pachala.

Mwina uziti kufunsa zambiri n'kusayamika. Ayi, pepalalo limatetezanso bwana, pakuti limamuuza nthawi imene angakupeze. Chochititsa mantha n'kukhala chete mpaka akusandutse "konsatanti". Dzinalo limakoma m'khutu, koma nthawi zambiri limatanthauza waganyu wopanda tchuthi ndi penshoni. Mwinanso uziti poti palibe wokuyang'anira, ungathawire ku Senga Bay masana. Pamenepo udzang'amba wekha pepala lako, chifukwa wofuna kuti maola ake alemekezedwe ayenera kuyamba ndi iye kuwasunga. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 silinena kuti mayina ndi manambala a makasitomala asiya kukhala chinsinsi akafika kumudzi, choncho asuweni ako asamaonere mafilimu pa laputopu ya kuntchito. Usanyengedwenso ndi sola ya mamegawati 60 imene inatsegulidwa kuno ku Salima mu 2021. Magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse, sadikira msonkhano wako. Gula kasola kako, ndipo ukhale ndi malaini onse awiri, Airtel ndi TNM.

Zikadzavuta, ku ofesi ya zantchito kuboma kapena ku khoti la milandu ya pantchito adzafuna kuona zolembedwa. Sunga kakope kolembamo nthawi yoyamba ndi yoweruka tsiku lililonse, ndipo kalata ija ubwere nayo yosainidwa kale. Chipinda takusesera.

Ndine malume ako.