Kuchokera kwa Mnkhanya Kufika ku Ridgeway

Amene sanagonepo m'dziko la Mfumu Mnkhanya m'mwezi wa Okutobala sangadziwe bwino tanthauzo la mawu akuti kutentha. Dzuwa likafika pamutu, mitengo ya tsanya imaima yopanda mthunzi, nyenje zikulira mosalekeza, ndipo mtsinje wa Lupande umasanduka msewu wa mchenga. Madzi amangotsala m'zithaphwi, ndipo m'menemo ndi momwe ana amathawira dzuwa.

Nafenso tinakulira m'zithaphwi zomwezo. Masiku amenewo mnyamata akayamba kukodza magazi, akuluakulu sankadabwa. Ena ankati n'chizindikiro chakuti mwana akukula. Lero tidziwa kuti ndi likodzo. Tizilombo take, timene dokotala wa ku Germany Theodor Bilharz anationa koyamba mu 1851 mumzinda wa Cairo, timaswana m'nkhono za m'madzi odikha, timaboola khungu la wosamba, kenaka timakaikira mazira m'khoma la chikhodzodzo. Mankhwala a praziquantel amapha tizilomboti, koma zipsera zimene mazirawo asiya zimatha kukhala chete zaka zambiri, n'kudzatulukira paukalamba ngati kutsekeka kwa njira zochokera ku impso, mwinanso ngati khansa.

Usiku wina mu Okutobala 2023 amalume athu, munthu wa zaka 74, anatituma mwana. Tinawapeza atagwira mzati wa khonde, thukuta lili kamukamu.

"Mphwanga, madzi atseka," anatero motsitsa mawu, kuti azimayi asamve.

Kunyamuka nthawi yomweyo kunali kosatheka, pakuti kwathu usiku njira ndi ya njovu. Tinadikira mpaka tambala woyamba, ndipo njinga yamoto inatifikitsa ku kachipatala ka kwathu. Namwino analowetsa kapaipi kofewa m'njira ya mkodzo, ndipo m'kanthawi kochepa nkhope ya amalume inabwerera. Iye ndiye anatifotokozera kuti pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna aliyense pali kachiwalo kotchedwa prostate, kamene kamazungulira njira ya mkodzo monga mphete izungulira chala. Munthu akamakalamba kachiwaloka kamakula, n'kuyamba kufinya njirayo mpaka kuitseka.

Kalata inatitengera ku chipatala cha mishoni cha Kamoto, ina inatikweza phiri mpaka ku Chipata. Kumeneko madokotala ataona kuti m'thumba la mkodzo mukuoneka magazi, ndiponso atamva kuti wodwalayo ndi mwana wa ku Lupande, anati m'chikhodzodzo muyenera kuunikidwa ndi akatswiri. Kalata yachitatu inali ya ku Lusaka.

Makilomita pafupifupi 570 a msewu wa Great East Road si nkhani kwa mnyamata. Kwa nkhalamba yobisa thumba la mkodzo m'chikhoti, m'basi yodzaza, bampu iliyonse ndi mlandu. Tinadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba amalume asanalankhule kanthu. Titatsetsereka mapiri a ku Kacholola n'kufika pa mlatho wa Luangwa, anasuzumira pawindo nthawi yaitali.

"Ndi womwewu wa kwathu?"

"Ndi womwewu, amalume."

"Ha! Nawonso wayenda."

Chipatala cha University Teaching Hospital chili m'mbali mwa Nationalist Road, moyandikana ndi Ridgeway, kumene kuli sukulu ya udokotala ya University of Zambia. Yunivesiteyi inatsegulidwa mu 1966, ndipo madokotala ake oyamba anatsiriza maphunziro mu 1973. Munthu wa kumudzi akalowa m'makonde ataliatali a chipatalachi amayamba wasokera, kenaka amazindikira kuti malowa ndi mudzi wokhala ndi mwambo wake. Mwambowo umaonekera bwino m'mawa, poyendera odwala. Patsogolo pamakhala katswiri wamkulu, amene amati consultant. Pambuyo pake pamabwera madokotala athunthu amene akuphunzira ukatswiri, otchedwa ma registrar, ndipo kumbuyo kwenikweni kuli ana a sukulu ndi timabuku tawo. Gululi limaima pa bedi lililonse. Wamng'ono amafotokoza za wodwala, wamkulu amafunsa, ndipo funso likakanika limatsika mzere mpaka litapeza mwini wake. Ife amene tinaphunzira pa mishoni tinakumbukira msanga mmene mawondo ankanjenjemera tsiku la mayeso a pakamwa.

Kaphunzitsidwe kameneka sikanayambire kuno. Dokotala William Halsted ndi mmodzi wa amene anakakhazikitsa pa chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, chimene chinatsegulidwa mu 1889. Ophunzira ake ankagona m'chipatala momwemo zaka zambiri, n'chifukwa chake mpaka lero kumeneko amawatcha ma resident, ndiye kuti okhala pompo. Mmodzi wa anthu amene Halsted anawakweza, Hugh Hampton Young, ndiye anakuza luso la opaleshoni ya impso, chikhodzodzo ndi prostate, limene m'Chingerezi amati urology. Mfundo yake ndi yomwe alenje a Chikunda ankaidziwa kale: mwana amayamba ndi kunyamula mkondo wa atate ake, amaona, amapatsidwa nyama yaing'ono, ndipo yaikulu amadzaiponya mkulu ali pambali pake.

Vuto linabuka tsiku lachiwiri. Registrar amene anapatsidwa amalume anali mtsikana, wa msinkhu wa mdzukulu wawo woyamba. Atatseka makatani n'kuvala magolovesi, amalume anakoka bulangete mpaka m'khosi.

"Iyayi, mwana wanga. Itanani akuluakulu."

"Agogo, akuluakulu abwera mawa. Koma chimene adzafunse ndi chimene ine ndipeze lero."

Amalume anatembenukira kukhoma. Madzulo anatiuza kuti timange katundu. Sanayende ulendo wonsewu, iwo anatero, kuti adzavulidwe ndi mwana wamkazi, kapena kuti ophunzira adzaphunzirire mpeni pa thupi lawo ngati pa mbuzi. Sitibisa, mawu achiwiriwa anatilasa nafenso. Ndani angakonde kuti mbale wake akhale sileti ya wina?

Usiku umenewo tinali pabenchi ya pakhonde pamene dokotala uja anatulukira, maso ali psuu. Anali atagwira ntchito kuyambira m'mawa wa dzulo lake. Tinamufunsa mosapita m'mbali kuti wakhala zaka zingati pa ntchitoyi, ndipo anawerenga pa zala. Zaka 7 pa sukulu ya udokotala. Kenaka zaka za kuyesedwa pa chipatala chachikulu, ndi zina pa chipatala cha kumudzi kumene usiku ankatsala yekha ndi amayi ovutika pobereka. Tsopano anali m'chaka chachitatu mwa zaka 4 za digiri ya Master of Medicine. Opaleshoni iliyonse imene wathandizira kapena kuchita yekha imalembedwa m'buku, mphunzitsi n'kusainira, ndipo popanda bukulo, mayeso ndi kafukufuku wolembedwa, palibe amene angamutche katswiri. Tinawerengera mumtima: pamene iye ankalowa sukuluyo, mwana wathu wotsiriza, amene tsopano ali ndi banja, anali asanafike Grade 7.

M'mawa sanabwere ndi gulu. Anakoka mpando, nakhala pansi pafupi ndi bedi, nafunsa amalume za kwawo. Iye anali wa ku Southern Province, ndipo Chinyanja chake chinali cha m'misewu ya Lusaka. Amalume ankayankha m'Chikunda, ife tikulumikiza pakati. Anafunsa kumene ankasamba ali mwana, mtundu wa nkhono za m'zithaphwi, ndi anzawo angati amene ankakodza magazi. Amalume, amene sakana kuphunzitsa, anafotokoza kwa theka la ola. Pomaliza anati, "Tsekani nsaluzo, adokotala. Koma mphwangayu atuluke."

Opaleshoni inachitika sabata yotsatira. Sanang'ambe mimba. Anawabaya jekeseni ya pamsana yoziziritsa thupi kuyambira m'chiuno kutsika, kenaka analowetsa kachitsulo kokhala ndi nyali ndi diso kudzera m'njira ya mkodzo. Anayamba aunika khoma la chikhodzodzo n'kutapako kanyama kokapima, ndipo pambuyo pake anapala prostate pang'onopang'ono ndi kawaya ka magetsi, monga mmene mayi apalira m'kati mwa chipanda. Amalume anali maso nthawi yonseyi. Akuti ankamva mawu a katswiri wamkulu kuseri kwa nsalu: "Pang'ono. Ima. Ona apo. Pitiriza." Manja anali a mtsikana uja.

Patapita masiku atatu anachotsa kapaipi. Amalume analowa m'chimbudzi, ife tili chilili pakhomo ngati oyembekeza mwana wobadwa, ndipo atatuluka sananene kanthu koma anapempha tiyi. Zotsatira za kanyama kaja zinabwera pambuyo pake: munalibe khansa, koma munali mazira akufa a likodzo, amene Lupande inawasungitsa m'menemo zaka zoposa 60.

Akatswiri a nthambi imeneyi m'dziko lathu ndi owerengeka, ndipo ambiri ali m'mizinda ya m'mbali mwa njanji. Njira zowachulukitsira zilipo. Profesa Kasonde Bowa, katswiri wa urology yemweyu, anachoka ku Lusaka kukatsogolera sukulu yatsopano ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola mu 2011, ndipo bungwe la COSECSA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limalola madokotala kuphunzira opaleshoni pa zipatala zovomerezeka za m'zigawo. Komabe ife a kuchigwa tiyenera kunena zoona: mnyamata kapena mtsikana amene watha zaka zoposa 12 akuphunzira sangabwere kumene kulibe kachitsulo kaja, magetsi odalirika ndi sukulu ya ana ake. Titamufunsa dokotala wathu ngati angadzagwire ntchito kum'mawa, anaseka, nati ayambe wakhoza mayeso.

Tinafika kwathu mvula yoyamba itagwa. Amalume anakamba za mlatho, za nyumba zosanja ndi za mtengo wa nsima ku Lusaka, koma za mtsikana uja sanatchule pagulu. Patapita milungu iwiri, madzulo kuli chisisira, nkhalamba ziwiri za m'mudzi woyandikana nafe zinafika pakhomo pawo, iliyonse payokha, kudzafunsa kuti kalata yoyamba ija imatengedwa kuti.