Chiponde cha Mtedza wa Kwathu

Ntchito yanga imayambira palichero. Thumba la mtedza likafika, ndimakhala pamkeka n'kumasankha njere imodziimodzi. Yofota, yofumbwa, yakuda mkati, zonsezo ndimataya. Mtedza woterewu ndi umene umabisa chuku, ndipo poizoni wake, aflatoxin, satheratu ndi moto ngakhale ukazinge chotani. Amawononga chiwindi mwakachetechete, ndiye chiponde changa chimadyedwanso ndi ana m'phala.

Ndimapanga chiponde kuno ku Mchinji, ndipo mtedza ndimagula kwa alimi omwewo chaka ndi chaka. Ndimawapatsa mtengo woposa wa mavenda, koma pangano lathu n'limodzi: asawaze madzi poswa. Ambiri amanyowetsa makoko kuti afewe, zala zisapweteke, ena n'cholinga choti thumba lilemere pasikelo. Chaka china ndidakopeka ndi kutchipa, n'kugula matumba atatu kwa munthu wosamudziwa. Pasanathe milungu iwiri, fungo la nkhungu linali litadzaza m'nyumba. Onse adapita kudzala, mpamba wanga n'kuthera pomwepo.

Mtedza wa CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri ndipo umapereka chiponde chofewa. Chalimbana ndi wa njere zikuluzikulu, kukoma kwake n'kosayamba. Ine ndimasakaniza. Pokazinga moto umafunika wapang'ono, dzanja osachoka pamthiko. Ndimadziwa kuti wapsa khungu likamasupuka ndikafikisa m'manja. Kenako kupeta, kugaya, kamchere pang'ono, basi.

Botolo likakhalitsa, mafuta amayandama pamwamba. Mayi wina adabwera nalo n'kunena kuti, "Amayi, chawonongekatu ichi." Ndidawauza kuti, "Ayi mayi, tangotakasani ndi supuni. Amenewo ndi mafuta a mtedza womwewo." Mpaka lero amagula kwa ine.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabotolo ndi zivindikiro zidakwera nthawi yomweyo, poti zopangira pulasitiki zimachokera kunja. Koma za m'kati mwa botolomo sizidafune dola ngakhale imodzi. Ndalama yake imapita kwa mlimi, kwa wakabaza wonyamula matumba, kwa atsikana awiri ondithandiza kusankha. Mlimi uja akapeza msika wodalirika amabzalanso mtedza, ndipo chimanga chobwera pambuyo pake chimapeza nthaka ili ndi chonde. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona mtedza wathu ukutuluka m'dziko uli wauwisi, ife n'kumawononga ndalama zakunja, zomwe zikusowa pogula mankhwala ndi mafuta a galimoto, kuitanitsa chiponde chogayidwa kwina.

Mu Marichi 2025 boma lidaletsa kulowetsa m'dziko zakudya zina, chiponde chili momwemo. Ndidasangalala, komabe lamulo silingasankhe mtedza m'malo mwanga. Sindifuna munthu agule changa chifukwa chondimvera chisoni kapena chosowa china pashelefu.

Inu ogula, tembenuzani botolo musanalipire. Onani komwe chapangidwa, onaninso chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Chikakhala cha kuno ndipo chidindo chilipo, tengani chimenecho.