Funso la Mwana ndi Ulendo wa ku Lusaka

Tsiku lina Lamulungu ndinali kuphunzitsa ana a Sande Sukulu nkhani ya Namani, kazembe wa nkhondo wa ku Aramu, amene ananyamula siliva ndi golide kukafuna machiritso ku Israele (2 Mafumu 5). Mwana wina anafunsa kuti: "Aphunzitsi, akadakhala mmphaŵi akadapita bwanji?" Ndinasoŵa choyankha, pakuti funsolo linandikumbutsa mlongo wanga.

Mlongo wangayo anali kuthyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. M'chaka cha 2016 madokotala ku Blantyre anampeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, natiuza kuti nthendayo ifunika kuwotchedwa ndi makina. Pa nthaŵiyo makina otero kunalibe m'Malaŵi monse. Odwala anali kuwatsata ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku South Africa kapena ku India.

Anthu sapita kunja chifukwa chonyoza kwawo ayi. Chimene amatsata ndi makina ndi madokotala odziŵa ntchito zovuta, monga opaleshoni ya mtima. Ngakhale Dr. H. Kamuzu Banda, amene anali dokotala mwini wake, anachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg mu 1993, nakamwalirira mumzinda womwewo mu 1997. Koma ulendo wotere ufuna pasipoti, ndalama zoyendera, malo ogona, ndi munthu wodwazika matenda. Nanga munthu wolipidwa monga mwa kulemera kwa dengu la masamba angazipeze kuti zonsezi?

Ife tinagulitsa mbuzi ndi njinga, amayi a Mvano anasonkha, mpingo nawo unayendetsa mbale. Patapita miyezi inayi, ine ndi mkazi wanga tinamkweza basi kudzera ku Mchinji. Dokotala wa ku Lusaka atamuyeza anandiitanira pambali nati: "Bambo, mwachedwa." Pobwerera, mlongo wanga anaulula kwa mlamu wakeyo kuti anakhala akutaya magazi chaka chathunthu, koma anabisa chifukwa cha manyazi, ndiponso poopa kutaya malipiro a tsiku lopita kuchipatala. Tinamuika m'manda mvula yoyamba isanagwe.

Lero zinthu zasinthako. Makina aja anayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 2024 ndi ku Lilongwe mu 2025, ndipo tiyenera kuyamika Mulungu. Komabe ndikaganiza mofatsa, ndiona kuti ulendo umene ukadampulumutsa sunali wa ku Lusaka, koma waufupi uja wochokera kunyumba kwake kufika kuchipatala cha pafupi, chaka chimodzi m'mbuyo. Kumeneko anamwino amayeza amayi m'mphindi zoŵerengeka, ndipo nthendayi ikapezeka isanakule imachizika konkuno.

Mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, woteteza ku kachilombo koyambitsa khansa imeneyi. Chondimvetsa chisoni n'chakuti pasukulu pathu ndaona makolo ena, Akhristu anzathu, akujombetsa ana awo tsiku la katemera chifukwa cha mphekesera.

Tikumbuke kuti chuma chonse chimene Namani ananyamula sichinamchiritse. Anachira pamene anamvera nasamba m'Yordano, chinthu chapafupi chimene poyamba anachinyoza. Makolo anzanga, musabise ana anu aakazi tsiku la katemera. Abambo, perekezani akazi anu kukayezetsa, ngakhale dengu la tsiku limenelo lipepuke. Inu achinyamata, kaŵerengereni amayi anu tsamba ili. Mpingo udzasonkhabe pamene wina afunika kupita kutali, koma ndi bwino kuti tiyambe kuthandizana ulendo ukadali waufupi.